Atitulutsa, koma ulendo wa wodwala sunathe

Adokotala akamaliza kuzungulira mu wodi m'mawa n'kunena kuti "Awa lero apite kwawo," gadiyani sachedwa. Amapinda zitenje, kumanga mapoto ndi ndowa, n'kuthamangira kukhitchini ya magadiyani kukatsanzika anzake amene wakhala akupalirana nawo moto masabata awiri. Foni imalira kumudzi: atitulutsa, tumizani ya thiransipoti. Pa ola limenelo palibe amene mtima wake uli pa kumvetsera malangizo. Anamwino nawo maso ali pa bedi, chifukwa pali wina amene wagona pansi usiku wonse akulidikira. Ndiye zinthu zofunika kwambiri pa moyo wa wodwalayo m'masabata akubwera zimanenedwa mothamanga, pa windo lolandirira mankhwala, kwa munthu amene wasenza kale katundu pamutu.

Tsiku limeneli ndinayamba kuliopa pamene azakhali anga anadwala sitiroko. Amene anawadikirira masiku 10 oyambirira anali msuweni wanga. Ndiye amene anaonetsedwa katembenuzidwe kawo, ndiye amene anauzidwa kuti mankhwala a BP asinthidwa. Ana ake atadwala kunyumba, ine ndinakamulandira, ndipo patangopita masiku awiri tinatulutsidwa. Ndinapatsidwa timapepala ta pulasitiki ta mapiritsi, ndipo m'kabuku ka kuchipatala munalembedwa mizere iwiri yachidule imene sindinathe kuiwerenga. Titafika kwathu, azakhali anatulutsa mankhwala awo akale a BP, aja ankalandira ku chipatala chaching'ono, n'kumamwa pamodzi ndi atsopanowo. Anali osamala kwambiri moti sanaphonye tsiku. Sabata isanathe anachita chizungulire podzuka, n'kugwera pa khomo la bafa.

Ndikaganiza bwino, palibe amene ananama kapena kuchita ulesi. Adokotala anasintha mankhwala pa chifukwa chomveka. Anamwino anafotokoza, koma anafotokozera munthu amene pa tsiku lotuluka anali atachoka. A ku chipatala chaching'ono sanadziwe n'komwe kuti wodwala wawo anagonekedwa. Aliyense anagwira bwino mbali yake, koma pakati pa mbalizo panali mpata, ndipo azakhali anagwera mmenemo. Za mpata umenewo ndi zimene ndikufuna tikambirane.

Makwerero amene wodwala amadutsa

Chithandizo cha zaumoyo kuno ku Malawi chinakonzedwa ngati makwerero. Pansi pali alangizi a zaumoyo m'midzi, ena mwa iwo amachititsa tizipatala ta ana osapitirira zaka zisanu. Pamwamba pawo pali zipatala zazing'ono, kenako chipatala cha pa boma, ndipo pamapeto zipatala zikuluzikulu: Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Mzuzu Central, Zomba Central, komanso chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba. Pambali pa makwerero a boma pali zipatala za mishoni za m'bungwe la CHAM, zimene m'madera ambiri akumidzi ndizo zili pafupi. Kumeneko kumakhala kulipira, kupatula pa zithandizo zimene boma linagwirizana nazo, makamaka za amayi oyembekezera ndi makanda. Wodwala mmodzi angathe kuyambira ku mishoni, kutumizidwa ku boma, kukachitidwa opaleshoni ku chipatala chachikulu, n'kubwerera kumudzi kumene adzafunika kutsukidwa bala ku mishoni komwe kuja, tsopano ndi ndalama zimene zinathera m'njira.

Makwererowa sali ofanana paliponse. Mwachitsanzo, Blantyre ilibe chipatala cha pa boma chakechake, motero Queen Elizabeth imasenza ndi odwala amene kwina akanathera pa chipatala chapakati. Koma vuto lalikulu ndi lakuti makwererowa amayenda bwino pokwera kusiyana ndi potsika. Pokwera pamakhala kalata yotumizira wodwala, nthawi zina foni, mwayi ukakhalapo ambulansi ndi namwino woperekeza. Potsika, wodwala amatsika yekha. Amene anamutumiza kawirikawiri samva kuti kumtundako anapeza chiyani, anachita chiyani, ndipo akufuna kuti iye apitirize chiyani. Amadzadziwa wodwalayo akabweranso, ngati wabweranso.

Uthenga ukayenera kuchoka pa malo ena kupita pa ena, umanyamulidwa ndi zinthu zitatu: kabuku ka kuchipatala, gadiyani, ndi mlangizi wa zaumoyo. Chilichonse mwa izi chili ndi mphamvu yake ndi pofooka pake.

Kabuku

Kabuku kathu aka tisamakanyoze. Ku America, kumene zipatala zili ndi makompyuta okhaokha, dokotala wina wa ku yunivesite ya Colorado, Eric Coleman, anakonza njira yothandizira okalamba akatuluka m'chipatala, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2006. Njirayo ndi ya masabata anayi: munthu wophunzitsidwa amakamuona wodwala kunyumba kamodzi n'kumuimbira foni katatu. Amalimbikira pa zinthu zinayi, zomwe ndi kudziwa mankhwala ako, kupitanso kukaonana ndi dokotala pa nthawi yake, kuzindikira zizindikiro zoopsa, ndi kusunga wekha mbiri yolembedwa ya matenda ako. Chachinayicho, chimene iwo anachita kuphunzitsana ngati chatsopano, ife tili nacho kale m'chikwama cha mayi aliyense. Ku Americako nkhaniyi inakula mpaka kuyambira 2012 boma limadula ndalama zipatala zimene odwala ake ambiri amagonekedwanso pasanathe masiku 30.

Koma kabuku kamathandiza molingana ndi zimene zalembedwamo. Munthu wagona mu wodi masabata atatu, faelo yake yanenepa ndi zotsatira za magazi ndi zithunzi, koma faeloyo imatsala m'chipatala. Chimene chimapita naye ndi dzina la matenda lolembedwa mwachidule, mayina a mankhwala, ndi tsiku lobweranso. Chifukwa chimene mankhwala akale aletsedwera nthawi zambiri sichilembedwa. Zimene anayeza koma zotsatira zake zinali zisanatuluke pa tsiku lotuluka, nazonso zimasowa mwini: amene anaitanitsa wasamukira ku wodi ina, ndipo wodwala sakudziwa kuti pali choti abwerere kudzafunsa.

Palinso mbali yathu. Ambiri tili ndi timabuku tiwiri kapena titatu. Kena kanadzaza, kena tinakagula pa geti tsiku limene tinaiwala kakale, kena timakabisa chifukwa muli zolembedwa zimene sitifuna kuti apongozi kapena anamwino odziwana nawo aone. Mapanga awiri avumbwitsa: dokotala amene wapatsidwa kabuku katsopano koyera amaona ngati munthu alibe mbiri, n'kuyambiranso pachiyambi, kapena kulemba mankhwala amene sagwirizana ndi ena amene wodwalayo akumwa mobisa. Makompyuta alipo ndithu. Bungwe la Baobab Health linayamba kuika makompyuta ogwira ndi chala ku Kamuzu Central mu 2001, ndipo timapepala tomatidwa pa kabuku tija tinachokera kumeneko. Koma kompyuta ya chipatala china nthawi zambiri siona zimene ya chipatala china yasunga, ndiye kabuku kamakhalabe mlatho. Namondwe wa Freddy atakokolola nyumba ku Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo mu March 2023, anthu ambiri anafika m'misasa opanda mankhwala ndi timabuku tomwe, ndipo amene ankadziwa dzina la mankhwala awo pamtima ndi amene anathandizika msanga.

Gadiyani

Gadiyani ndiye namwino weniweni wa ulendo wonse. Amasambitsa, kudyetsa, kutaya mkodzo, kuitana anesi dilipi ikatha, ndipo ndi yekhayo amene amakhalapo mu wodi, m'minibasi ndi kunyumba komwe. Komabe palibe paliponse pamene dzina lake limalembedwa ngati mmodzi wa osamalira wodwala, ndipo palibe amene amadziwa akasinthana ndi wina. Anamwino akamasinthana ntchito madzulo amapatsirana odwala mmodzimmodzi. Magadiyani amapatsirana pa geti, wina akuthamangira basi: "Mankhwala ali m'jumbo, phala amamwa pang'onopang'ono, ndapita."

Chinanso n'chakuti amene amadikirira wodwala si amene amalamula. Mu wodi mumakhala mwana wamkazi kapena mlongo, koma amene adzanene ngati wodwala abwererenso ku chipatala, apite kwa sing'anga, kapena akapemphereredwe, ndi amalume kapena mwini mbumba amene sanaonanepo ndi adokotala. Malangizo onse atha kumveka bwino kwa gadiyani, n'kukagonja pa bwalo la banja madzulo a tsiku lomwelo. Ndinaonapo namwino wina wachikulire amene asanatulutse wodwala ankafunsa kuti, "Amayi, kunyumba amene amanena zoti ndalama ituluke ndani? Muwaimbire, ndilankhule nawo." Sizinalembedwe m'buku lililonse la malamulo, koma anali atagwira pamene pali mutu wa nkhani.

Ulemu wathu nawo umatipweteka. Adokotala akafunsa kuti "Mwamva?", yankho limakhala "Eya, adokotala," ngakhale munthu sanatolepo kanthu. N'chifukwa chake ogwira ntchito odziwa bwino safunsa choncho. Amati, "Tandiuzeni, mukafika kunyumba, awa oyerawa mukawapatsa nthawi yanji?" Munthu akabwereza ndi pakamwa pake, pamene sanamve pamaonekera pomwepo. Zimatenga mphindi zochepa, koma mu wodi imene namwino mmodzi akuyang'anira odwala makumi angapo, mphindi zimenezo n'zosowa.

Ana amene amamwalira atachira

Kwa nthawi yaitali zipatala zinkawerenga imfa za mu wodi zokha. Mwana akatuluka wamoyo, ankalembedwa kuti wachira, nkhani n'kuthera pomwepo. Ofufuza atayamba kutsatira anawa kumudzi anapeza zina. Kafukufuku wa gulu la CHAIN, amene anachitika m'mayiko 6 kuphatikizapo Malawi, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2022, anatsatira ana 3,101 a miyezi 2 mpaka 23 amene anagonekedwa atadwala mwakayakaya. Ana 350 anamwalira, ndipo 168 mwa iwo anamwalira atatulutsidwa kale, m'miyezi 6 yotsatira. Ndiye kuti pafupifupi theka la imfazo zinachitika pamene chipatala chinali chitatseka faelo.

Zifukwa zake n'zomveka. Mwana amene wadwala kwambiri amatuluka thupi likadali lofooka, ndipo amabwerera ku udzudzu womwewo, madzi omwewo, ndi nkhokwe yomweyo. Mayi amene wangotha masabata awiri m'chipatala, ndalama zatha, munda wamera tchire, ana ena anasiyidwa kwa agogo, sathamanga msanga mwana akayambanso kutentha thupi. Amati tidikire kuche. Nthawi zina amaopanso kukalipiridwa kuti wabweranso.

Chitsanzo chimene chaphunziridwa bwino ndi cha ana ochepa magazi kwambiri chifukwa cha malungo. Mwana wotere amathiridwa magazi, amatsitsimuka, n'kutuluka akusewera. Koma thupi limafuna miyezi ingapo kuti libwezeretse magazi ake, ndipo malungo akamugwiranso m'nyengo imeneyo amamugwetsa msanga. Pulofesa Kamija Phiri ndi anzake anaonetsa kuno ku Malawi kuti kupereka mankhwala a malungo mwezi ndi mwezi mwana atatuluka kumateteza, kafukufuku wina ku Kenya ndi Uganda anatsimikiza, ndipo mu 2022 bungwe la WHO linavomereza njirayi. Mwana amamwa mankhwala a masiku atatu pa sabata yachiwiri, yachisanu ndi chimodzi, ndi yakhumi chitulukireni. Chimene chimandisangalatsa ndi funso lotsatira limene anafufuza ku Zomba: kodi mayi azibwera ku chipatala mwezi uliwonse kudzatenga mankhwalawo, kapena apatsidwe onse pa tsiku lotuluka? Amene anapatsidwa onse n'kupita nawo kwawo ndi amene anamwetsa ana awo mokhulupirika kuposa amene ankayenera kubwerera. Amayi sanali osasamala. Chimene chinkawalepheretsa ndi mtunda.

Za malungo aakulu n'chimodzimodzi. Mlangizi kumudzi akhoza kuika mankhwala a artesunate kumbuyo kwa mwana amene wakomoka kapena sakutha kumwa, koma amenewo ndi ongogulira nthawi kuti akafike ku chipatala. Mwana akatsitsimuka m'njira, makolo ena amabwerera. Ku chipatalako amabayidwa jakisoni kwa maola osachepera 24, kenako ayenera kumaliza LA wa masiku atatu, amene kawirikawiri amamalizira kunyumba. Chithandizo chimodzi chagawika patatu, m'manja mwa anthu atatu amene sadzaonana.

Mwana wonyentchera naye amadutsa m'manja ambiri: mu wodi ya ana opereŵera zakudya amamwa mkaka wapadera, akayamba kudya amatuluka n'kumakalandira chiponde ku chipatala chapafupi, kenako phala la Likuni. Khanda lobadwa masiku asanakwane limatuluka lili pachifuwa pa mayi ake mwa njira ya kangaru, imene kuno inayambira ku Zomba Central mu 1999, ndipo liyenera kumabwera kusikelo pafupipafupi. Pa malo alionse osinthirapo ena amatayika, ndipo amene amatayika kawirikawiri ndi akutali ndi osauka, omwenso ali pa chiopsezo chachikulu.

Munthu mmodzi, makiliniki atatu

Kumene kulumikizana kumayesedwa kwenikweni ndi pa munthu amene ali ndi HIV n'kudwalanso matenda ena aakulu. Pulogalamu yathu ya ma ARV, imene inayamba kupereka mankhwala aulere mu 2004, ndi imene ili ndi dongosolo lolimba kuposa zonse: wodwala ali ndi nambala, ali ndi khadi lake ku kiliniki, akafuna kusamuka amapatsidwa kalata, ndipo akasowa pali omulondola. Ku kiliniki ya ma ARV ya Lighthouse ku Lilongwe anakhazikitsa ntchito yoimbira foni ndi kuyendera amene aphonya tsiku lawo. Olondolawo amapeza kuti ena mwa olembedwa kuti anasiya mankhwala sanasiye ayi, anangosamuka osatsanzika, n'kukayezetsanso kwina ngati atsopano. Ena ali ku Johannesburg kapena ku Tete, ndipo mankhwala awo akuwatengera m'bale n'kuwatumiza pa basi.

Tsopano munthuyo apezeke ndi chifuwa chachikulu. Mankhwala a TB ndi a miyezi 6: miyezi 2 yoyamba mitundu inayi, miyezi 4 yotsatira mitundu iwiri. Umodzi mwa mitunduyo, rifampicin, umene umafiiritsa mkodzo, umachititsa chiwindi kuchotsa msanga mankhwala ena m'thupi. Dolutegravir, amene ali m'ma ARV amene ambiri akhala akumwa kuyambira 2019, ndi mmodzi mwa okhudzidwa, motero wodwala amafunika piritsi lina loonjezera madzulo nthawi yonse imene akumwa mankhwala a TB. Ngati TB inapezeka mu wodi ya chipatala chachikulu, koma ma ARV amatengera ku chipatala cha kwawo, ndipo anali atangolandira a miyezi 6, ndani amene aonetsetse kuti piritsi loonjezeralo lilipo, ndipo ndani adzamuuze nthawi yolisiya? Akakhala mayi amene ali ndi njira yolerera ya pamkono, rifampicin yemweyo amaifooketsa, ndipo a kulera sangadziwe pokhapokha wina atawauza.

Matenda oumitsa khosi a cryptococcus ndiye amaonetsa bwino kuti chithandizo cha mu wodi ndi chiyambi chabe. Kafukufuku wa AMBITION, amene mbali ina anachitikira ku Blantyre ndi ku Lilongwe, anaonetsa kuti dilipi imodzi yamphamvu ya amphotericin, pamodzi ndi mapiritsi a flucytosine ndi fluconazole kwa masiku 14, imagwira ntchito mofanana ndi dilipi ya sabata yathunthu, ndipo WHO inatengera njirayi mu 2022. Ndi nkhani yabwino, koma masiku 14 akatha ntchito ikadalipo. Wodwala amapitiriza fluconazole wa mlingo waukulu kwa masabata 8, kenako wa mlingo wochepa kwa nthawi yaitali. Ma ARV sayambidwa pomwepo: amadikira masabata 4 mpaka 6, chifukwa kuyamba msanga kumaonjezera imfa. Ndiye taganizani wodwalayo wafika ku chipatala chaching'ono cha kwawo, kabuku sikakunena bwino, ndipo wogwira ntchito amene anaphunzitsidwa kuti aliyense wopezeka ndi kachilombo ayambe mankhwala tsiku lomwelo akuchita zimene akudziwa kuti n'zoyenera. Kapena fluconazole kumeneko kulibe. Kapena mutu wayambanso kuwawa, chizindikiro choti madzi achuluka m'mutu ndipo afunika kuchotsedwa pamsana, koma abale akukana poti anamva kuti kuchotsa madzi a pamsana kumapha. Chikhulupiriro chimenechi chinabwera chifukwa amene amachotsedwa madziwo amakhala odwalitsa kale, ndipo malo ochithetsera ndi mu wodi, abale onse akadali pomwepo, osati pa tsiku la mavuto.

Kunyumba kulibe belu

Kwa odwala ngati azakhali anga, nyumba imasanduka wodi popanda wokonzekera. Munthu wakufa ziwalo mbali imodzi ayenera kutembenuzidwa pafupifupi maola awiri alionse, apo ayi pamatako ndi pa zidendene pamabuka zilonda zimene zimavuta kupola kuposa matenda amene anamugoneka. Ayenera kudya atakhala tsonga, chifukwa kumeza kukavuta phala limalowera ku mapapo n'kuyambitsa chibayo. Mafizo ayenera kupitirira, ndipo miyezi yoyambirira ndi imene thupi limabwerera msanga. Malo ngati Kachere ku Blantyre amachita ntchito imeneyi, koma ndi angati angafikeko? Ambiri mafizo awo ndi aja gadiyani anaonera mu wodi. Ndipo mafunso amene amaoneka achabe ndi amene amalamula zonse: chimbudzi chili patali bwanji, wodwala agona pa bedi kapena pa mkeka, masana onse akapita kumunda atsala ndi ndani.

Amene matenda awo sachizika amafuna kulumikizana koposa. Makiliniki osamalira odwala otere, a Tiyanjane ndi Umodzi ku Queen Elizabeth komanso Ndi Moyo ku Salima, anaonetsa kuti munthu wa khansa akhoza kukhala kwawo popanda kubuula usiku wonse, ngati morphine wamadzi akumwedwa pa nthawi yake. Koma botolo limatha, ndipo si chipatala chilichonse chimene chimasunga. Banja likapanda kuuzidwa poyera kuti matendawa afika pati ndi kumene akatenge botolo lotsatira, limagulitsa mbuzi ndi njinga kuyendayenda kufunafuna kuchira kumene kulibe, wodwala akumva ululu umene ukanatha kuletsedwa. Kunena zoona kwa banja n'kovuta pa chikhalidwe chathu, timaopa kuoneka ngati tikulosera maliro. Koma mawu oti "Pitani mukayesere kunyumba", popanda kufotokoza, amasiya anthu mumdima.

Apa ndi pamene mlangizi wa zaumoyo akanakhala mlatho wachitatu. Amakhala kufupi, amadziwa khomo lililonse, ndipo cholinga cha boma n'chakuti mlangizi mmodzi aziyang'anira anthu 1,000, ngakhale m'madera ambiri amapitirira pamenepo. Koma palibe njira yokhazikika yomudziwitsa kuti m'mudzi mwake mwabwerera munthu wochokera mu wodi. Amamva kwa anthu pa mjigo. Ali ndi katemera, sikelo, kulera, ukhondo ndi malipoti, motero sitingamuunjikire odwala onse. Koma akanamauzidwa za ochepa amene ali pa chiopsezo chachikulu, monga khanda la kangaru, mwana wothiridwa magazi, kapena wodwala oumitsa khosi, ulendo umodzi wa pa njinga m'sabata yoyamba ukanagwira zambiri. Banja silifunika kudikira kuti boma likonze zimenezi: kupita nokha kukamuuza mlangizi kuti tabwerako, kabuku ndi aka, n'kotheka lero lomwe. Palinso Chipatala Cha Pa Foni, chimene chinayambira ku Balaka mu 2011 ndi bungwe la VillageReach ndipo pano chili m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo, kumene munthu angafunse ngati chizindikiro chimene akuona n'choyenera kuthamangira nacho.

Ine maganizo anga ndi akuti kukonzekera kutuluka kuyenera kuyamba masiku angapo tsikulo lisanafike, osati m'mawa wake. Gadiyani atembenuze wodwala, atsuke bala, ayeze mankhwala amadzi ndi manja ake anamwino akuona. Ndipo kwa inu amene muli pa mkeka pambali pa bedi panopa, safunsa anadya phula. Itanitsani mankhwala onse amene ali kunyumba, ndi azitsamba omwe, muwayale pamaso pa adokotala n'kufunsa kuti awa apitirize kapena asiye. Funsani dzina la matenda m'Chichewa. Funsani chimene mukachiona usiku musadikire kuti kuche. Funsani ngati pali zoyeza zimene sizinatuluke. Tsiku lobweranso lisangokhala tsiku: mudziwe chipatala chake, khomo lake, ndi tsiku la sabata limene kiliniki imeneyo imatsegula, chifukwa makiliniki a shuga, BP ndi khunyu m'malo ambiri sakhala tsiku lililonse, ndipo palibe chofooketsa ngati kulipira kabaza n'kuuzidwa kuti mubwere Lachinayi. Ngati mukuona kuti ndalama ya ulendowo sidzapezeka, nenani pomwepo, mwina angakulembereni kuti mukaonedwe kufupi ndi kwanu.

Azakhali sanathyoke pa kugwa kuja, anangotupa chiuno. Titapita nawo ku chipatala chaching'ono, tinanyamula jumbo yonse ya mankhwala, ndipo adokotala a kumeneko anayala mapiritsi pa tebulo n'kupatula mulu umodzi. "Agogo, awa musiye. Awa okha ndi amene muzimwa." Analemba chifukwa chake m'kabuku ndi zilembo zazikulu. Pofufuza m'sutikesi mwawo tinapeza timabuku titatu, kena ka zaka zambiri zapitazo, kokhala ndi mzere wonena kuti mankhwala ena anawatulutsa ziwengo thupi lonse, zimene palibe aliyense wa ife ankadziwa. Msuweni wanga anatisokerera pamodzi ndi ulusi wakuda, ndipo masamba ofunikawo tinawajambula pa foni n'kutumizirana pa gulu la banja.